PCR ikuti jini ilipo, ELISA ikukana

Wophunzira wa MSc: Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi ma isolate (tizilombo tolekanitsidwa n'kukulitsidwa mu labu) a kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae O1 Ogawa, a mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 uja. PCR, yoyeza majini, ikuonetsa ctxA (jini ya poizoni wa kolera) mwa onse, koma pa GM1-ELISA, yoyeza poizoniyo, sakuoneka ngakhale pang'ono. Kodi ma reagent andifera?

Mayi a ku labu: Musawataye kaye achimwene. Mukukulitsa tizilomboto mu chiyani?

Wophunzira wa MSc: Mu LB mayi, msuzi wamba wokulitsira tizilombo uja, 37°C, pa shaker usiku wonse.

Mayi a ku labu: Ndiye mwalipeza vuto. Kachilomboka sikapanga poizoni mwachisawawa, kamadikira kazindikire kuti kafika m'matumbo mwa munthu. Mapuloteni a ToxR ndi TcpP, omwe ali pa khungu la selo, amayatsa jini ya toxT, kenako puloteni yake ToxT ndiye amayatsa ctxAB (majini a poizoni) ndi tcpA (jini ya titsitsi tothandiza kachilomboka kukhazikika m'matumbo). Mu LB yanuyo kakungodya n'kuswana, majini a matenda ali chigonere.

Bambo wa micro (microbiology): Zoona. Njira ya LB, pH 6.5 pa 30°C, inkayenda ndi mtundu wakale wa kachilomboka, wa classical. Athu ano ndi El Tor, omwe afalikira kuyambira 1961, ndipo amafuna msuzi wa AKI: peptone 1.5%, yeast extract 0.4%, mchere 0.5%, sodium bicarbonate 0.3%. Ikani m'chubu, musachigwedeze kwa maola 4 pa 37°C, kenako tsanulirani mu flask mugwedeze maola 16. Mpweya wochepa wa m'chubu uja umadzutsa tcpPH (majini opanga TcpP ndi TcpH), bicarbonate n'kulimbikitsa ToxT. Bicarbonate-yo musaiike mu autoclave, ipangeni tsiku lomwelo n'kuisefa. Ambiri amagwera pamenepo.

Wophunzira wa MSc: Nanga maola 16 aja tizilombo tikachuluka, puloteni uja HapR sazimitsa zonse?

Mayi a ku labu: Amazimitsadi. Tizilombo tikadzazana, HapR amatseka aphA, jini yofunika poyatsa tcpPH, mzere wonse n'kuzima, n'chimodzimodzi m'matumbo pamene tizilombo tikukonzekera kutuluka ndi chimbudzi. Koma poizoni amene wapangidwa kale amatsala m'madzimo, ndipo ELISA ikufuna ameneyo. Mukafuna RNA yoonetsa kuti majiniwo ayaka, tapani maola 4 akangokwana, mukachedwa mupeza mbee.

Bambo wa micro: Ndipo yambani m'mawa, jenereta ili pafupi. Magetsi akathima shaker n'kuima pakati, mudzatinamizira ife.

Wophunzira wa MSc: Zikomo kwambiri. Mawa ndiika LB ndi AKI limodzi, isolate imodzimodzi, tione kusiyana. Alipo ali ndi poizoni woyeretsedwa andigawireko wa control?