Kusamutsa mwana kuchoka ku sekondale yapulayiveti kupita ku ya boma: ndiyambire pati?

Mayi wa ku Bembeke, Dedza:

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndiponso kwa aphunzitsi amene mumadziwa kayendetsedwe ka sukulu za boma. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ali mu Fomu 2 pa sekondale ina yapulayiveti yogonera komweko kuno ku Dedza. Pamene ankayamba Fomu 1 bambo ake anali pa ntchito, ine ndikuthandizira ndi geni ya mbatata ya kachewere imene ndimapikula m'minda n'kukagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1, kotero kuti fizi tinkaikwanitsa ngakhale movutikira. Ntchito ija idatha, ndipo teremu yapitayi mwanayu adabwezedwa kawiri chifukwa cha ngongole. Ulendo wachiwiri adafika kutada, chikwama chili pamutu, ndipo nsima imene ndidamuikira sadaikhudze. Adangokhala pakhonde atafungatira makope ake mpaka ndidachita kumuuza kuti alowe chifukwa cha chisanu.

Mayeso a Sitandade 8 adakhoza ndipo adasankhidwira ku CDSS (sekondale ya boma yoyendera ya m'dera) ina yoyandikana ndi kwathu, koma ife tidawasiya malowo poganiza kuti kupulayiveti akaphunzira bwino. Popeza kuyambira mu Januwale 2026 boma lidachotsa fizi m'sekondale zake, kupatula ndalama zimene amalipira ogonera komweko, tikuganiza zomubwezera kumene adasankhidwira kuja. Kodi malo ake akadalipo? Nanga tikamusamutsa tsopano, mayeso a JCE, a kumapeto kwa Fomu 2, akalembera kuti?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ntcheu:

Pepani mayi ndi zimene zakugwerani. Ndidaphunzitsa m'sekondale za boma kwa zaka zambiri, ndipo makolo obwera ndi funso ngati lanuli ndidawalandirapo ochuluka mu ofesi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti sekondale ya boma siili ngati yapulayiveti, kumene munthu amafika ndi ndalama n'kulembetsa mwana tsiku lomwelo. Malo amaperekedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro potsata mmene mwana adakhozera mayeso a Sitandade 8 a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa, ndipo mwana aliyense amasankhidwira ku mtundu wake wa sukulu: ena ku sukulu zolandira ana a dziko lonse monga Dedza Government Secondary School ya anyamata, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1951, ena ku sekondale za m'maboma zogonera kapena zoyendera, ndipo ambiri ku ma CDSS. Kusamutsa mwana nakonso kumatsata mtundu umenewo, choncho musadzitaye nthawi kufunafuna malo pa sukulu yogonera pamene mwana wanu adasankhidwira ku yoyendera.

Mwayi wanu ndi wakuti dzina lake lili pa mndandanda wa osankhidwa. Komabe musaganize kuti desiki yake yakhala ikumudikira, chifukwa malo a ana amene sadafike amaperekedwa kwa ena. Pitani nokha kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa CDSS ija, musatume munthu, mutatenga nambala imene mwana adalembera mayeso a Sitandade 8, malipoti a materemu onse kuyambira Fomu 1, ndi kalata yochokera kumene akuphunzira panopa. Akakuuzani kuti malo alipo, apempheni kuti akulembereni, chifukwa chilolezo chenicheni chimachokera ku ofesi ya Central West Education Division ku Lilongwe, imene imayang'anira sekondale za ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi Mchinji. Ndaonapo makolo akuthera ndalama zoyendera ku ofesi ya zamaphunziro ya paboma, imene ntchito yake yaikulu ndi ya sukulu za pulayimale, n'kukangouzidwa kuti apite ku Lilongwe.

Zikakanika, funsani ngati pasukulupo pali Open Secondary School, imene ana amangoti "openi". Amaphunzira masana anzawo akaweruka, m'makalasi omwewo ndi aphunzitsi omwewo, ndipo mayeso ake ndi a MANEB omwewo. Kumeneko safunsa zakusankhidwa, koma kumalipiridwa, ndiponso maola ophunzira ndi ochepa, kotero kumafuna mwana wodziwa kudziwerengera yekha.

Pa nkhani ya JCE ndi pamene ndikufuna mudekhe. Mayina a olemba mayeso amatumizidwa ku MANEB chaka cha sukulu chikangoyamba kumene, ndipo mwana amalembetsedwa pa senta ya sukulu imene ali. Ngati wanu adalembetsedwa kale kupulayiveti, kumusamutsa pakati pa chaka kukupatsani ntchito ina yothamangira mapepala, mwana naye akusokonezeka miyezi yochepa mayeso asanafike. Ine ndikadakhala inu ndikadalimbikira kuti amalize Fomu 2 komweko, n'kukayamba Fomu 3 ku CDSS mu Seputembala. Fomu 3 ndi pamene ana amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a Fomu 4 a MSCE, choncho akayambira limodzi ndi anzake. Mufunsiretu ngati kumeneko amaphunzitsa Physics ndi Chemistry, chifukwa si CDSS iliyonse imene ili ndi labotale, ndipo ngati mtima wake uli pa unamwino kapena udokotala, maphunziro amenewa adzafunika posankhidwira ku koleji.

Bambo wa ku Lizulu, Ntcheu:

Zimene afotokoza aphunzitsiwa ndi zoona, ine ndingowonjezera zimene ndidaona ndi maso nditasamutsa mwana wanga wamkazi zaka ziwiri zapitazo. Mapepala adatitengera milungu ingapo koma adatheka. Chimene sitidachikonzekere ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku. Kupulayiveti ankangodzuka n'kuyenda mapazi ochepa kukalowa m'kalasi, madzulo belu likulira la sitade pansi pa magetsi. Ku CDSS zidafunika kuti azidzuka kukadali mdima, ndipo inu a ku Bembeke mukuidziwa bwino mphepo ya mu Juni kuposa ife. Sabata yoyamba ankafika zala zitauma moti cholembera chinkamupulumuka. Ndidagulitsa mbuzi n'kumugulira njinga yakapalasa, kenako nyali ya sola, ndipo amayi ake adavomera kuti ntchito yotunga madzi madzulo ipite kwa ang'ono ake. Mfundo yomalizayi ndi imene idavuta kwambiri pakhomo, chifukwa mtsikana akakhala panyumba aliyense amamuona ngati dzanja lowonjezera.

M'kalasi mwake adapeza ana ochuluka kuposa kumene adachokera, buku limodzi akugawana anthu angapo. Koma ndinene chilungamo: aphunzitsi amene adawapeza kumeneko anali ophunzitsidwa ntchito yawo, ena ochokera ku Domasi College of Education, pamene kupulayiveti kuja aphunzitsi ankasinthasintha moti m'chaka chimodzi adaphunzitsidwa masamu ndi anthu atatu. Ndalama zina zimene tidapulumutsa pa fizi tidagulira mabuku akeake a Chingerezi, masamu ndi Biology.

Chimodzi chokha ndikuletseni: anthu adzakuuzani kuti mumupezere kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha. Kwa mtsikana wa zaka 15 ine sindingavomere. Ndiwo zikatha pakati pa mwezi, amene amabwera ndi thandizo si nthawi zonse amakhala ndi mtima wabwino. Ngati mtunda ndi wautali, bola akhale kwa azakhali ake kapena wachibale wina amene mumamukhulupirira.

Azakhali a ku Linthipe, Dedza:

Ine ndikuona kuti ngongole ija mwaidumpha, pamene ndiyo ingatseke njira zonse zimene zanenedwazi. Sukulu zambiri zapulayiveti sizitulutsa kalata yosamutsira mwana kapena malipoti ake ngongole isanathe. Pitani mukakhale pansi ndi eni sukulu, muwauze poyera kuti mwana achoka akalemba JCE, ndipo mupemphe kuti muzilipira pang'onopang'ono molemberana, kapena kuti aziphunzira ngati woyendera ngati pali wachibale pafupi. Mwanayonso mumuuze nokha zimene mukukonza, asadzamve kwa anzake. Wa mchimwene wanga adangouzidwa m'mawa wa tsiku lotsegulira kuti avale yunifolomu ina, ndipo teremu yonse ankazemba njira yodutsa pamsika poopa kukumana ndi anzake akale.

Mayi wa ku Bembeke, Dedza:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaimbira foni kusukulu kwake ndipo anditsimikizira kuti dzina lake lidapita kale ku MANEB, choncho JCE alembera komweko monga mwalangizira aphunzitsi. Bambo ake apita Lolemba kukakambirana za ngongole, ine Lachiwiri ndikaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa CDSS ija. Nambala ya mayeso a Sitandade 8 ndaipeza pa chiphaso chake chakale chimene chinali pansi pa sutikesi. Mwanayo ndalankhula naye usiku wathawu tikusenda mbatata, ndipo funso lake loyamba linali lakuti kodi kumeneko kuli Chemistry. Limeneli ndikalifunsa Lachiwiri lomwelo.