Gemu ya baseball yoti kochi wa kompyuta aziganiza ngati munthu ilipo kodi?

Mphwanu_waKuAtlanta:
Akuluakulu muli bwanji, amene mumasewera magemu a baseball tandithandizeni apa. Ine baseball ndinaidziwira konkuno, anzanga a kuntchito ndi amene anandikokera ku Braves, timu ya kuno ku Atlanta, ndiye ndinagula gemu ina ya pa console, sinditchula dzina, kuti ndizisewera season yonse ya magemu 162. Kumbali ya zithunzi palibe chonena, masitediyamu enieni, ngakhale kaimidwe ka munthu ndi bat yake anakopera ndendende. Koma nzeru za kochi wa kompyuta ndi zimene zikundiwawa. Dzulo inning ya 8, iwo atsalira ndi ma run anayi, munthu wawo ali pa first palibe out, basi akupanga bunt eti, kungogunditsa mpira pang'ono kuti wa pa first asunthe koma womenyayo atuluke. Kutaya out dala pomwe wangotsala ndi ma out 6 okha ndipo ukufuna ma run anayi, kochi wake uti angatero? Kenako outfielder wawo watola mpira, m'malo moponyera cutoff man (mnzake amene amaima pakati kulandira mpira) waponya mpaka ku home komwe munthu wadutsa kalekale, wanga winayo ndangomuyendetsa kukafika pa second ulere. Kuwina ndikuwina koma sizikukoma. Ilipo gemu yomwe strategy yake ndi yeniyeni?

LeftyWaJoni:
Achimwene mukufuna zinthu ziwiri zosiyana. Ngati mukufuna kugwira controller muzimenya nokha, njira ndi ya MLB The Show ija. Koma ngati mukufuna mutu uzigwira ntchito yesani Out of the Park Baseball, anthu amangoti OOTP. Inayamba mu 1999, ndipo mmenemo simumenya mpira, inu ndinu manager kapena GM (woyendetsa timu yonse), mumasankha lineup, nthawi yotulutsa pitcher, ndani abe base, mpaka ma contract ndi ana a ku minor league. Chimene ndimaikondera ine ndi choti kochi aliyense ali ndi khalidwe lake lomwe mutha kulisintha, wina wokonda bunt wina ayi, wina amatulutsa pitcher msanga wina amamusiya avutike. Laptop wamba imakwana.

Mayi_aStats:
Pa bunt paja ndagwirizana nanu, kutsalira ndi anayi sungapereke out. Koma ndifunse kaye, timu yanu ikumenya average yanji? Chifukwa ambiri timadandaula kuti kompyuta ndi yopusa pomwe ife tikusewera pa level yofewa, aliyense mu lineup akumenya .350, ndiye gemu yonse yapotoka kale. Baseball yeniyeni ndi masewero olephera aise. Mu 2023 average ya MLB yonse, league yaikulu ya ku America, inali .248, kutanthauza kuti munthu amene amalipidwa mamiliyoni amabwerera ku dugout wopanda hit pafupifupi katatu pa maulendo anayi alionse. Strategy imabadwira pamenepo. Hit ikamasowa mpamene kuba base kumakhala ndi phindu, mpamene walk (kupita pa first ulere pitcher akaphonya zone kanayi) imakoma, mpamene umawerenga kuti pitcher waponya mipira ingati. Koma ngati home run ikubwera inning iliyonse ubanso base chifukwa chani?

Komanso ife anthu tikagwira controller sitidikira, mpira uliwonse tikufuna kuumenya, ndiye pitcher wa kompyuta akufika inning ya 7 asanatope ndipo bullpen yawo (ma pitcher olowa m'malo) simuiona n'komwe. Tsitsani ma slider (ma setting a mu gemu) a contact ndi power, kwezani level, muyambe kusiya mipira ya kunja kwa zone. Muona kuti magemu ambiri ayamba kuthera 3-2, 4-3, ndipo chisankho chilichonse chiyamba kulemera.

Mphwanu_waKuAtlanta:
Mayi mwalasa, level ndikweza usiku uno. Koma za cutoff man zija slider singakonze, si choncho?

Mayi_aStats:
Ayi imeneyo ndi ya amene analemba gemuyo, inu palibe chomwe mungachite. Anzanga ena amangodziikira lamulo loti kompyuta ikaponya kolakwika chonchija satengerapo base yowonjezera.

MadalaWaMadayisi:
Ana inu musaiwale kuti nkhaniyi inayamba magemu a pa kompyuta asanabwere. APBA inatuluka mu 1951, Strat-O-Matic ya Hal Richman mu 1961, makhadi ndi madayisi basi. Mu Strat mumaponya madayisi atatu, limodzi limakuuzani koyang'ana, likagwa 1 mpaka 3 ndi khadi la womenya, 4 mpaka 6 ndi khadi la pitcher, awiri enawo mumaphatikiza kuti mupeze mzere. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi koma mtima umagunda, chifukwa amene wakhala tsidya la tebulo ndi munthu, akukuwerengani ngati pa bawo, akudziwa kuti mumakonda kuba base pakakhala out imodzi ndiye akukudikirani. Kompyuta imasewera za mpira umenewo wokha, munthu amakumbukira zimene munamuchita sabata yatha. Nchifukwa chake ine ndimati lowani league ya pa intaneti ya anthu enieni, kaya ya OOTP kaya ya Strat.

LeftyWaJoni:
Madala anena zoona. Ndiwonjezere kayezedwe kanga ndikafuna kudziwa ngati gemu ili serious, ndimaona ngati kochi wake akumvetsa malamulo atsopano. Kuyambira 2020 reliever (pitcher wolowa m'malo) akalowa ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena amalize inning, ndiye zolowetsa pitcher wamanzere kuti athane ndi munthu mmodzi zija zinatha, kochi wabwino ayang'ane atatu onse akubwerawo. Mu 2023 MLB inaletsa shift (kuunjika ma infielder mbali imodzi), pano payenera kukhala ma infielder awiri mbali iliyonse ya second, ma base anakula kuchoka pa mainchesi 15 kufika 18, ndipo pitcher amaloledwa kuyesa pickoff (kuponyera ku base kuti agwire wothamanga) kawiri kokha pa womenya mmodzi, kachitatu akapanda kumugwira munthuyo ndi balk, wothamangayo amapita base yotsatira ulere. Chaka chomwecho Acuña wanu wa Braves anaba ma base 73. Ndiye pitcher akaponyera ku first kawiri, wothamanga wa kompyuta akuwonjezera lead kapena wangoima pompaja? Komanso extra innings za mu regular season munthu amayambira pa second, timu ya pakhomo ikafuna run imodzi yokha bunt pamenepo ndi yomveka, osati ija munaiona inuyo.

Mphwanu_waKuAtlanta:
Zikomo nonse, OOTP ndiyesa weekend ino. Madala, league yanuyo malo alipo? Ngati Braves sinatengedwe mundisungire.