Xpert negative kawiri, miyezi iwiri pa mankhwala a TB, mayi akungotha

CO (clinical officer) wa kumapiri: Anzanga thandizeni, mutu waima. Mayi a zaka 52 ochokera cha ku Linthipe, akutsokomola kuyambira May. Xpert (njira yoyezera TB) negative kawiri, HIV non-reactive (sinapezeke). Tinawayambitsa RHZE (mankhwala anayi a TB) titaona X-ray, amwa miyezi iwiri osadumphitsa, mwana wawo ndi amene amawamwetsa. Sikelo yatsika kuchoka pa 54 kufika pa 49. Dzulo abwera akubanika, kumanja mpweya sukumveka, nditapopa m'chifuwa madzi atuluka ofiirira ngati otsukira nyama. Ndayang'ananso X-ray yoyamba ija pawindo, kumphepete kwa phapo kuli kachotupa kozungulira, tonse sitinakaone. Ndawauza akuluakulu anga kuti ndikuganizira CA lung (khansa ya m'mapapo), andiseka, akuti mayi osasuta fodya khansa ya m'mapapo aitenga kuti. Ndilembe referral (kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu) kapena ndidikire?

Madala a TB: Achimwene, kuno ndi ku Malawi. Madzi m'chifuwa ndi TB. Xpert imaphonya, pa madzi amenewo ndiye imaphonya kwambiri. Ine a khansa ya m'mapapo amene ndawaona chiyambire ntchito ndi azibambo okalamba a chingambwe, otsokomola magazi. Amalize mankhwala.

Sista wa palliative (chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika): Madala, miyezi iwiri munthu akumwa bwinobwino koma watsika makilo 5? TB yake iti imeneyo?

Wa ku sukulu: Madala, zimene mukunenazo ndi zoona, koma ndi za mtundu umodzi wa khansa ya m'mapapo, squamous cell. Imeneyo imamera pakati, m'mitsempha ikuluikulu ya mpweya, imaboola phapo ngati bowo (cavity) la TB, magazi amabwera msanga. Ndi imene inali patsogolo nthawi imene Doll ndi Hill, ofufuza a ku Britain, ankaonetsa mu 1950 kuti fodya ndiye gwero, ndipo mabuku athu akale anajambula wodwala ameneyo. Koma ku America ndi ku Ulaya zinthu zinatembenuka. Pofika m'ma 1990 mtundu wina, adenocarcinoma, inali itaposa squamous ngakhale mwa amuna ku America, panopa ili cha pa 40 peresenti ya khansa zonse za m'mapapo. Small cell, mtundu winanso, nayo yakhala ikutsika, ili cha pa 15. Akuganiza kuti chimodzi mwa zimene zinachulukitsa adenocarcinoma ndi ndudu za fyuluta zimene zinafala kuyambira m'ma 1950. Utsi wake ndi wofewa, ndiye wosuta amakoka mwamphamvu mpaka ukafike kumapeto kwa phapo. Lipoti la 2014 la Surgeon General (dokotala wamkulu wa boma la America) linanena kuti kusintha kwa kapangidwe ka ndudu kunakweza chiopsezo cha adenocarcinoma. Komanso mwa anthu osasuta, makamaka amayi, mtundu umene umapezeka kwambiri ndi womwewu. Imakhala kumphepete phee, kenako madzi. Si mayi anuwa amenewa?

Madala a TB: Za ku America zimenezo. Ku Bembeke ndani akusuta fyuluta? Anthu amapichira fodya m'pepala la kope kapena m'khoko la chimanga. Amalize mankhwala.

Wa ku sukulu: Pa fyuluta ndavomera, sindikunena kuti kwathu kuno zayenda chimodzimodzi. Mfundo yanga ndi imodzi: "sanasutepo" si chifukwa chotsekera fayilo.

Sista wa palliative: Ndipo "sindisuta" wa amayi a kuno muziumvetsa bwino. Afunseni amaphikira kuti. Kuzizira kwa ku Dedza mu June, khitchini yopanda windo, nkhuni zaziwisi, usiku mbaula m'nyumba chitseko chotseka. Denga lakuda bii, nanga mapapo? Funsaninso ngati bambo a kunyumba amasutira m'nyumba.

HSA wopuma: Mwandikumbutsa gogo wina wa kwathu ku Ntcheu, anagwira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Tinawalemba TB katatu! Ulendo wachiwiri jakisoni wa streptomycin miyezi iwiri, mpaka makutu anagontha. Makhololo negative nthawi zonse. Pomaliza anakapezeka ndi fumbi la m'migodi m'mapapo ndi chotupa pamwamba pake. Ana ake anali atagulitsa kale ng'ombe n'kupita nawo kwa asing'anga poganiza kuti awalodza, poti mankhwala a boma akukanika. Mpaka lero zimandiwawa.

Madala a TB: Ndipo ine ndinaona mnyamata amene anamuchotsa pa mankhwala chifukwa cha nzeru ngati zimenezi, anabwera patatha miyezi itatu ndi TB meningitis (TB ya mu ubongo). Amalize mankhwala, ndanena.

Dokotala wa ku wodi: Palibe wanena kuti asiye, Madala. Achimwene, RHZE musaimitse panokha, koma referral lembani lero, zonse ziyendere limodzi. Musanawatumize gwirani mabere, gwirani pamwamba pa mafupa a m'khosi ngati pali mwanabere wolimba, yang'anani khomo la chiberekero. Kuno chotupa cha m'mapapo nthawi zina chimakhala chochokera kwina. HIV bwerezani, muone m'kamwa ndi miyendo, khansa za Kaposi ndi lymphoma nazonso zimabweretsa madzi ofiira. Popopa musapitirire lita imodzi ndi theka nthawi imodzi. Cytology (kufufuza maselo a khansa m'madziwo) ikabwera negative musasangalale, imaphonyanso. Mwanabere ukapezeka ndiye mwayi, biopsy yake (kudulako kanyama kokayeza) ndi yosavuta kusiyana ndi kulowa m'phapo. Ku Kamuzu Central kuli labu ya pathology, yoyezera zimenezi. Mtundu wa khansayo ukufunika kudziwika chifukwa mankhwala amasiyana, adenocarcinoma ina yokhala ndi kusintha kwa jini ya EGFR imamva mapiritsi ngati gefitinib, squamous ayi.

Sista wa palliative: Chonde mawu oti khansa musawatulutse kwa achibale pepala lisanabwere. Koma musawalonjezenso kuti ndi TB basi achira. Morphine wamadzi muli naye? Pang'ono chabe amathandiza kubanikako. X-ray yoyamba ija apite nayo m'manja, osati lipoti lokha.

Madala a TB: Madziwo tumizaniko pa Xpert Ultra, muonenso ma lymphocyte (maselo a chitetezo amene amachuluka m'madzi a TB). Mudzandiuza.

CO wa kumapiri: Ndamva nonse. Vuto ambulansi akuti ilibe mafuta mpaka Lachinayi, mwana wawo akuti ya minibasi ya anthu awiri alibe, mbatata sanagulitse.

HSA wopuma: Mafutawo ndiye musayambe. Kwathu sabata yatha mayi wa PPH (wotaya magazi ambiri atabereka) anapita pa lole ya kabichi.

Wa ku labu: Pepani kulowerera, alipo ali ndi makatiriji a Xpert otsala? Athu atha Lachisanu.