Makanika akatopa mpaka maganizo kusokonekera, mumatani m'magalaja mwanu?

Akuluakulu a magalaja a ku Luwinga ndi Mzuzu yense, tithandizeni nzeru. Minibasi ikafika 4 koloko madzulo klatchi itapsa, mwini wake amaifuna pamsewu wa ku Karonga m'mamawa. Kutsitsa giyabokosi, kusintha mbale ya klatchi ndi beringi yake, kenako kubwezeretsa zonse, ndi ntchito ya maola angapo. Anyamata amamaliza usiku, wina atawaunikira ndi tochi ya foni. Zolakwika zimayambira pomwepo: mabawuti osamanga mokwanira, mpweya wotsalira m'paipi ya mafuta a klatchi. Galimoto ikabwerera, bwana amadula malipiro, mnyamata tulo osabwera, mawa lake n'kuyamba ndi kachasu.

Lamulo la ntchito la 2000 limati maola 48 pa sabata, koma wolipidwa pa galimoto iliyonse sawerenga maola.

Ndiye mumasiyanitsa bwanji mutu wowawa chifukwa cha utsi wa injini yolizidwa m'shedi yotseka, kapena fungo la thina (mankhwala osungunulira penti), ndi wowawa chifukwa cha nkhawa? Nanga amene wangoyamba kukhala duu, kupsa mtima msanga ndiponso kusadya, mumamuuza bwanji zokaonana ndi a ku St John of God (chipatala cha ku Mzuzu chothandiza anthu ovutika maganizo), iye osamva ngati mukumunena kuti wapenga?