Kodi mphesa za vinyo zingabereke kuno ku Chigwa?

Agogo a ku Nchalo:

Moni nonse. Ndili ndi funso, koma ndiyambe ndi kumene lachokera.

Mu February ndinapita kukaona mwana wanga amene amagwira ntchito pa famu ya mphesa kufupi ndi Paarl, ku South Africa. Famuyo ndi ya banja limodzi, nkhalamba ina ndi ana ake awiri, ndipo ndinafika akukolola. Amayamba kuthyola kusanache kuti mphesa zifike kofinyira zikadali zozizira. Chimene chinandidabwitsa ndi munda wakale wa kumtunda: mitengo yake siyoyanga pa waya, ndi tizitsamba tofika m'mawondo, mwakuti poyamba ndinayesa thonje losamalidwa bwino.

Mtundu umene amaunyadira amautcha Pinotage. Mwana wa mwini famu anandiuza kuti umenewu ndi wawowawo, sunabwere pa sitima kuchokera ku Ulaya ngati inayo. Anaupanga ndi Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot noir ndi Cinsaut. Timphesa take ndi tating'ono, takuda bii, khungu lokhuthala, koma kutsekemera kwake kumaposa zazikulu zija timagula m'sitolo ku Blantyre. Anandilowetsa m'chipinda chozizira momwe muli matanki achitsulo ndi migolo yamatabwa, uliwonse wolembedwa chaka chake ndi choko. Atandithirira pang'ono ndimayembekezera zonga Sobo. Ayi ndithu, m'kamwa munauma ngati ndaluma nthochi yaiwisi. Eni ake amalawa n'kulavulira m'kachitini. Ine ndinameza, chifukwa kwathu kulavula chakumwa pamaso pa amene wakupatsa ndi mwano.

Tsono ndili ndi theka la ekala kuseri kwa nyumba, mjigo uli pafupi. Kodi mphesa zoterezi zingachite kuno? Mwana wangayo amafuna kundidulira timitengo, ndinamuletsa poopa kuti pa Mwanza andifunsa mapepala a mbewu.

Mlangizi wopuma, Ngabu:

Amayi, munachita bwino kusatenga timitengoto, mukanangotisiya pa chipata.

Kumera zimera, ndipo masamba adzakhala obiriwira mpaka anthu azidzaima pa mpanda. Vuto ndi chipatso. Kumene munapitako mvula yawo imagwa nthawi yozizira, cha mu May mpaka August, ndipo mphesa zimapsa kukuwala dzuwa, kopanda mvula. Kuno n'zotembenuka. Mphesa zikanati zizipsa mu January ndi February, ndiye kuti zakumana ndi mvula ndi chinyontho, zimang'ambika n'kuchita nkhungu. Chinanso, mpesa umafuna kugona nthawi yozizira, uyoyole masamba upume. June wathu sazizira mokwanira. Onjezanipo October wa ku Ngabu kuno, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo ngakhale usiku munthu umagona pakhonde.

Wina akuuzani za Dodoma ku Tanzania, kumene kumatentha koma amalima mphesa za vinyo n'kumakolola kawiri pa chaka. Zoona, koma Dodoma ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe Nchalo sifika ndi 100 yomwe. Ngati mtima ukukakamirabe, bzalani mitengo itatu kapena inayi yoti adzukulu azidya, muiteteze ku chiswe ndi mbuzi. Theka la ekala ayi.

Mnyamata wa pa Dyeratu:

Agogo mwakwera basi masiku onsewo kukaona vinyo, pomwe uchema ukudontha m'migwalangwa kuseri kwanu komweko? Wam'mawa ndi wotsekemera, wamadzulo umakuperekezani wokha kunyumba.

Mai Masau, Bangula:

Iwe wa pa Dyeratu, uchema sukhala masiku awiri. Agogowa aona chinthu choti munthu amasunga m'botolo n'kudzatsegula pa ukwati.

Agogo, ine ndimapanga wa masau, chaka chino n'chachinayi. Anthu kuno amangodziwa kuwaphika kachasu, koma vinyo wake amatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndi kafungo ka masau komwe. Ubwino wake masau amapsa June ndi July, nthawi yokhayo imene m'nyumba mwathu mumazizirako, ndiye simufuna chipinda cha makina chija munaonacho.

Ndimasankha akupsa bwino, ofumbwa ndimataya, chifukwa limodzi lokha limaipitsa ndowa yonse. Ndimawatsuka, kuwawiritsa pang'ono kuti afewe, kenako kuwafinya ndi manja mpaka nthanga zitatsala zokha. Ndikasefa pa nsalu yoyera ndimathira m'chigubu cha malita 20, shuga makilogalamu 4, ndipo madziwo akazizira ndiye ndiike yisiti. Mukaika akadali otentha yisitiyo imafa. Pa chivindikiro ndinaboola n'kulowetsa kapaipi, kumata ndi phula, mbali inayo ndimaimiza m'botolo la madzi. Mpweya wa mkati umatuluka, wakunja sulowa. Masiku oyamba botololo limangoti bwibwibwi usiku wonse. Likasiya, pakatha masabata atatu kapena anayi, ndimatsanulira m'chigubu china mosamala kuti nsenga zitsale pansi, n'kudikiranso miyezi iwiri.

Chaka choyamba ndinapusa. Ndinapanga mu November ndi masau ouma, komanso ndimatsegulatsegula kuti ndinunkhize. Zinatuluka viniga weniweni, malita 20, mpaka ndinagawira aneba othira mu tchipisi. Mukafuna kudzagulitsa m'mabotolo, pamenepo ndiye muyambe mwafunsa a Malawi Bureau of Standards.

Agogo a ku Nchalo:

Zikomo nonse. A Mlangizi, ndamva, ndibzala inayi yokha ngati mbande zake ndingazipeze konkuno. Iwe wa pa Dyeratu, ndine wa Mvano, za uchemazo usanditchule nazo.

Mai a ku Bangula, m'mundamo muli kale misau iwiri imene ndimafuna kudula kuti mphesa zipeze malo. Nkhwangwa ndabweza kwa eni ake. Koma ndifunseko: yisiti yake ndi yomweyi ya mandasi, kapena pali ina? Nanga chigubu chimene munali mafuta ophikira chingachite ndikachitsuka bwino?