Akonzi akufuna ndilembe ndemanga ya sewero lomwe magule ake ndaphunzitsa ndine, ndipange bwanji?

Wa ku Matawale: Anzanga a zisudzo ndi magule ndithandizeniko nzeru. Mukudziwa mmene timakhalira ife, m'mawa uli m'kalasi, masana pulakatisi, usiku ukulemba nkhani ya patsamba la zaluso kuti mwezi uthe bwino. Nde semesita ino ana anga a chaka chachitatu akupanga sewero la mayeso, nkhani yake ya chilala, ndipo chapakati pali tchopa, gule wa Alhomwe, yomwe ndawaphunzitsa ndekha kwa masabata asanu ndi awiri, alimbe ake, oimba ng'oma, ndinachita kukawatenga kwa Jali ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Dzulo akonzi andiimbira foni akuti poti muli konko ku Zomba mutilembere ndemanga, ifike Lachiwiri. Ndalama ndikuyifuna sindinama, komanso anawa agwira ntchito ndikufunitsitsa dziko liwadziwe, koma mtima ukukana. Ndikayamikira ati ndikudzitama, ndikadzudzula nde kuti mwana wawerenga m'nyuzi malikisi ake asanatuluke.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Mwana wanga usalembe ndemangayo. Wanena kale wekha chifukwa chake. Mwana amene ukum'patsa malikisi sangakuyankhe ukam'dzudzula pagulu, angosunga mumtima, ndipo mnzake amene wam'tchula dzina momuyamikira anzake aziti wakhoza chifukwa ndi wa pamtima pa madamu. Kale ku Chancellor College kunali Travelling Theatre, gulu la zisudzo loyendayenda, akuluakulu ngati a Chris Kamlongera ndi a David Kerr ankaphunzitsa, kupanga masewero komanso kulemba za zisudzo, nde kugwira ntchito zingapo si kwachilendo ayi, iyi ndi ntchito yathu. Chofunika n'kudziwa kuti lero ndalowa muholo ngati ndani.

Mtolankhani wa pa wailesi: Asisi ine ndikusiyana pang'ono ndi adadawa. Mukakana kwatha, akonzi satumiza munthu kuchoka ku Blantyre kudzaonera sewero la ana asukulu, mafuta ake atuluka kuti? Danga limenelo aikapo nkhani ya oyimba basi, zisudzo zigonanso sabata ina. Tilipo angati kuno amene timalemba za masewero, sitikwana nkomwe zala za dzanja limodzi. Lembani koma munene poyera pamzere woyamba kuti magule ndaphunzitsa ndine, owerenga aweruze okha.

Wa ku Matawale: Achimwene zonena poyerazo ndinaziganiza, koma zikuthandiza owerenga okha, mwana uja sizikumuteteza. Pali mtsikana wina amene amatsogolera bwalo lamkati, phazi lake limathamangira ng'oma, ndamuuza kangapo pa pulakatisi ndipo akuyesetsa, amatsala yekha anzake atapita n'kumabwereza ndi foni m'manja. Wolemba ndemanga woona akuyenera kuchitchula chimenechi. Ine sindingathe, ndipo ndikachibisa nde kuti ndanamiza owerenga.

Wovina wa ku Sadzi: Amwali bwanji osalemba nkhani ina m'malo mwa ndemanga? Uzani akonzi kuti mubweretsa nkhani ya tchopa yeniyeniyo, mmene gule wa kumudzi amalowera pa siteji. Zolemba zilipo zambiri. Anthu ambiri amangoiona pa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje koma sadziwa kuti bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wake wa miyambo yofunika ya padziko lonse mu 2014, pambuyo pa gule wamkulu ndi vimbuza. Sadziwanso kuti imavinidwa pothokoza zokolola kapena ulenje ukayenda bwino, ngakhalenso popereka nsembe kwa mizimu kukagwa chilala kapena mliri, nde mukuona ikugwirizana ndi sewero lanulo. Fotokozani za katundu amene ovina amabereka kumsana uja, zikopa, timakasu, ziwiya zakale, ndi mmene ovina amapingasirana pa bwalo. Ndipo chonde alimbe a kwa Jali aja muwafunse alankhule okha, iwowa timangowagwiritsa ntchito mayina awo osaoneka pena paliponse.

Wa magetsi ndi zokuzira mawu: Zoona. Mulembenso za moto, ine chimandipweteka chimenechi. Ng'oma imafuna kuwamba, muholo simungakoleze moto nde amawambira panja kuseri, ikamafika pa siteji ndi kuzizira kwa kuno kwa June chikopa chalefuka kale mawu agwa. Ndikupempha muike munthu mmodzi wa moto yekha ndipo ng'oma zilowe patatsala mphindi zochepa kuti gule ayambe, osati poyamba sewero.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Ya nkhani ya gule ija ndaivomera. Koma ndemanga isafe, mtolankhaniyu wanena zoona. Pezani munthu amene sakhudzana ndi malikisi. Ku Domasi kuli aphunzitsi a zinenero amene amaonera masewero ndipo amatha kulemba, kapena wophunzira wakale amene anamaliza. Iwe usaione asanaitumize, ngakhale akupemphe. Ndipo mkulu wa dipatimenti umudziwitse ndi kalata, osati pakamwa pokha.

Mtolankhani wa pa wailesi: Ngati zili choncho ndilemba ine, sindinapiteko ku pulakatisi olo kamodzi ndipo anawo sindikuwadziwa. Chokhacho asisi mugwirizane ndi akonzi kuti ituluke malikisi atapita kale ku ofesi. Ndipo musadzandikwiyire ndikatchula za phazi lija.

Wa ku Matawale: Sindingakwiye achimwene, ndi ntchito yanu, bola mudzanenenso zomwe wachita bwino poti mawu ake akamayambitsa nyimbo holo yonse imakhala chete. Ndawaimbira akonzi pompano, avomera nkhani ya tchopa Lachiwiri, yanu sabata yotsatira, malikisi ndipereka Lolemba lake. Kalata ya kwa mkulu wa dipatimenti ndilemba usiku uno. Mawa m'mawa ndikwera kabaza kupita kwa alimbe aja ndi kope, ndikawafunse kaye ngati akulola kuti mayina ndi zithunzi zawo zituluke. Amwene a magetsi, makala ndigule thumba laling'ono kapena nkhuni ndi zomwe zimawamba bwino?

Wa magetsi ndi zokuzira mawu: Mukafunse alimbewo mawa, ambiri amakonda udzu wouma kapena mapesi chifukwa lawi lake limadzuka msanga. Mbaula ndibweretsa ine.