Mawu a Chingerezi onena za kukangana: m'maminitsi ndilembe liti?

Mlembi wa VDC, Kasinje:
Akuluakulu, ndithandizeni. Maminitsi a komiti yathu ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) amapita ku ofesi ya DC ku Ntcheu m'Chingerezi. Pamsonkhano mamembala anasiyana maganizo pa malo okumbapo mjigo, ena akuti kusukulu, ena kumsika. Komanso mabanja awiri akulimbirana malire a malo a kumsikawo. Ndikafunsa anthu za argue, quarrel, dispute, debate ndi conflict, onse akungoti ndi kukangana basi. Ndilembe liti?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Bembeke:
Alembi, m'nkhani yanuyi muli zinthu ziwiri zosiyana, ndiye musaziphatikize m'liwu limodzi. Ine ndiyankha za mjigozo.

Ngati anthu anangosiyana maganizo, lembani disagree: "Members disagreed on the site of the borehole." Liwu limeneli silinena kuti wina anakweza mawu kapena kukwiya, limangoti maganizo anali awiri. Ngati wapampando ankapatsa mbali iliyonse mpata wolankhula, kenako nkuvota, lembani "Members debated the site." Debate ndi mtsutso wadongosolo, ngati umene aphungu amachita ku Nyumba ya Malamulo Sipikala akuwongolera.

Quarrel musaliyandikire n'komwe. Uku ndi kuyambana kwa anthu odziwana, kulongolozana mokwiya, kumene nthawi zambiri kumatha ndi kusalankhulana. Wa ku khonsolo akawerenga kuti "members quarrelled" aganiza kuti komiti yagawanika, ndipo sangafulumire kuika chitukuko m'manja mwanu.

Argue ndiye amapusitsa ambiri, chifukwa tanthauzo lake limadalira liwu lotsatira. "The treasurer argued that the school site serves more households" akutanthauza kuti msungichuma anapereka mfundo, ndipo ndi chiganizo chaulemu. Koma "The treasurer argued with the chairperson" akutanthauza kuti awiriwo anakangana. Argue that, argue for ndi argue against ndi zopereka mfundo. Argue with ndi zolimbana ndi munthu.

Bambo wa ku Lizulu:
Aphunzitsi anena zoona. Za mabanja awiriwo, liwu lake ndi dispute. Limagwira ntchito pamene pali chinthu chenicheni chimene aliyense akuti n'chake, monga munda, malire, malipiro kapena ufumu, ndipo pakufunika wina woti aweruze. N'chifukwa chake lamulo la Customary Land Act la 2016 limatchula mikangano ya malo kuti disputes, ndipo linakhazikitsa mabwalo oiweruza. Nkhani ya malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania, yomwe imabwerera ku pangano la Britain ndi Germany la 1890, nayonso amaitcha border dispute. Ndiye lembani kuti "There is a boundary dispute between two families over the market site," ndipo muwonjezere kuti nkhaniyo yapita kwa ndani, kwa a gulupu kapena kwa a T/A. Mukalemba dispute osanena amene akuiweruza, wowerenga afunsa zomwezo.

Conflict ndi liwu lolemera. Limanena za kusamvana kozama, kotenga nthawi, ndipo kawirikawiri kokhala ndi ziwawa. Ife a m'malire muno tikulidziwa bwino: nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, ija inadzaza othawa kwawo m'Dedza ndi m'Ntcheu, ndiyo amaitcha conflict. Kulemba "land conflict" pamene palibe anagwira chikwanje kapena kuzula chimanga cha mnzake ndi kukuza nkhani, ndipo mutha kuitanitsa apolisi pa nkhani yoti mfumu ikanaithetsa pansi pa mtengo.

Pali malo awiri pamene liwuli lilibe ndewu. Conflicting reports ndi malipoti otsutsana. Conflict of interest ndi pamene membala ali ndi phindu lake m'nkhani imene komiti ikugamula. Ngati wina wa m'komiti mwanu ndi wa m'banja limodzi mwa awiriwo, zimenezo zilembedwe, ndipo asavote nawo.

Mayi Nachisale, Dedza boma:
Ndiwonjezere pa kalembedwe, chifukwa apa ndi pamene ana a MSCE amatayira malikisi, ndipo akuluakulu nawonso amalakwitsa. Disagree ndi mneni, choncho "I am disagree" n'kulakwa, timati "I disagree with you." Discuss safuna about: "we discussed the borehole." Dispute akakhala mneni nayenso amalunjika pa chinthucho, "they dispute the boundary," koma akakhala dzina amatenga over kapena about. Argument alibe e pambuyo pa u. Quarrelled ali ndi ma l awiri m'kalembedwe ka ku Britain kamene timatsata kuno.

Mlembi wa VDC, Kasinje:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mayi mmodzi amene anakana mpaka kumapeto, ndipo akufuna kuti zilembedwe?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Bembeke:
Ameneyo ndi dissent, kukana chimene ambiri agwirizana. Lembani mavoti a mbali iliyonse m'manambala, kenako "One member dissented and asked that her objection be recorded." Chifukwa chake muchilembe m'chiganizo chimodzi, m'mawu amene mwini wakeyo awavomereze musanatumize maminitsiwo.